Oilo Saswana

Dalaivala anali atalowetsa kale kiyi pamene mlamu wake anamugwira pamkono.

"Musalize kaye injini, alamu. Mwati oilo wachuluka?"

Dalaivala anaseka. Kathirakitala kokweza mchenga kamene abwana anamupatsa kanali kamwayi. Sanathiremo oilo chiyambire mwezi, koma pa kachitsulo koyezera ankangokwera, mpaka kupitirira mzere wapamwamba.

"Akuswana yekha," anatero monyadira. "Anzanga amalira kuti wawo akutha."

Mlamuyo, makaniko amene anangobwera kudzabwereka wilibala, anasolola kachitsuloko. Anapaka dontho pachala, n'kulitikita, kenako n'kumununkhitsa dalaivala.

Linali fungo la dizilo. Dontholo linkayenderera ngati madzi.

"Oilo saswana, alamu. Dizilo akudonthera m'kati. Mukanakweza mchenga wonsewu lero, injini ikanapsa."

Dalaivala anayang'ana mulu wa mchenga, malole ali pamzere kudikira, ndi kathirakitala kaeni ake kamene kamadyetsa ana ake. Anazula kiyi pang'onopang'ono, n'kumuponya m'thumba.

Pothokoza, anagwira dzanja lamafuta la mlamu wake ndi manja onse awiri.

"Wilibala ija, alamu," anatero, "musabwezenso."