Mphindi Makumi Atatu za Mkamwini

Mpanda wa bafa unali ndi kampata kokwana diso limodzi, ndipo diso la a Magret linali pomwepo. Mkatimo mkamwini wawo Noah anali atavala majumbo m'manja ngati munthu wokataya galu wakufa. Violet, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, anakhala pa kampando, msana uli pamtunda.

Matendawa anayamba chaka chatha. Zigamba zofiira za mamba oyera zinatuluka m'zigongono, m'mawondo, kenaka msana wonse. Kuchipatala anati ndi soriyasisi, si khate, ndipo sapatsirana. Noah ndi amene anakwera basi kukatenga mankhwala ku tauni, odzola achikasu a m'kachubu. Mpaka pamenepo a Magret analibe naye chifukwa.

Chifukwa anachipeza atayamba kusuzumira. Bamboyu amayamba wapaka vaselini kuzungulira chigamba chilichonse, ngati akuwamangira mpanda mankhwalawo. Kenaka kadontho apa, kadontho apo, kuumira kwake ngati mchere wopempha. Akatero maso pa foni. Nyemba zisanayambe n'kuwira komwe, amatenga sopo ndi madzi n'kutsuka zonse psiti.

Mankhwala n'kutsuka? A Magret analera ana asanu, ndipo sanaonepo chilonda chikupola ndi mankhwala otsukidwa.

Sipanatenge nthawi, khungu labwinobwino la Violet linayamba kupsa. Matuza ngati wathiridwa madzi otentha. Nsalu zogonera zinachita mawanga oderako osamva sopo. Zinamvekanso kuti ku msika kuli kamkazi kogulitsa zitumbuwa kamene kamaseka mopitiriza Noah akafika. A Magret sanafunenso umboni wina. Munthuyu amafuna mwana wawo aonongeke thupi kuti iye apeze pothawira, ndipo mtima wawo unawawa kwambiri.

Kumufunsa sakanatha. Kuno ku Mkhumba mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Zaka zinayi zonsezi akakumana panjira, Noah amapatukira m'munda wa nandolo, moni n'kuponyerana patali. Nkhani ya msana wa mkazi wake akanaiyambira pati?

Choncho, chiyambire tsiku limene anaona mankhwala akutsukidwa, ankagwira ntchito mwakachetechete. Lachiwiri ndi Lachisanu Noah amamanga matemba panjinga kupita ku misika yakutali, n'kugona konko. Masiku amenewo mwana amasamalidwa ndi mayi ake mmene mayi amasamalirira mwana: kupaka mankhwala mosaumira, ndi manja enieni osati majumbo, chitenje n'kukulunga bwinobwino mpaka kutacha. Zala zawo zinathimbirira, koma izo anati ndi utomoni wa nthochi.

"Koma amayi, iwo aja anati..." Violet anayesapo tsiku lina.

"Iwo aja ndani? Anakubereka ndi iwo aja? Ndipo usakamuuze."

Pakati pa mayi ndi mwamuna, Violet anasankha kupirira.

Matuza sanasiye. Lero a Magret ataona Noah akutsukanso, anachoka pampanda paja n'kukaitana mchimwene wawo, a Jairos, mphunzitsi wopuma pantchito amenenso anali nkhoswe ya banjali.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango. A Magret anafulatira mkamwini wawo, nkhope kuloza kuphiri, n'kukhuthula zonse: majumbo, vaselini, foni, sopo, matuza, mpaka zitumbuwa.

"Achimwene, ine ndatopa. Munthuyu akundiphera mwana ndikuona. Amange katundu wake panjinga abwerere kwawo ku Kaduya dzuwa lisanalowe."

Noah anangozyolika, akufufuta chipewa m'manja. Kwa a Magret, kumeneko kunali kuvomera mlandu. Violet amalira chamumtima, misozi ikugwera pachitenje.

A Jairos si munthu wothamangira kugamula. Anaitanitsa kachubu kaja ndi kapepala kake kachingerezi, kamene a Magret ankakaona ngati kokulungira chabe. Anavala magalasi, n'kumawerenga akumasulira pang'onopang'ono monga ankachitira m'kalasi.

"Dzina lake ditiranolo. Akuti ndi aukali. Apakidwe pa chigamba pokha, khungu labwino litetezedwe ndi vaselini. Asafike m'maso. Wopaka avale kanthu m'manja, chifukwa amathimbiriritsa khungu ndi nsalu." Anaima, n'kusendeza kapepalako pafupi ndi mphuno. "Akatha mphindi makumi atatu atsukidwe ndi sopo. Akakhalitsa amawotcha."

Apa m'pamene Noah anadzutsa mutu.

"Atsibweni, n'zimene zikundisowetsa mtendere. Ine sindinapyolepo ndi mphindi imodzi yomwe. Koma ndikamabwera ku msika Lachitatu ndi Loweruka, ndimapeza mkazi wanga atapsa."

A Jairos anavula magalasi. Sanayang'ane Noah, sanayang'anenso Violet. Anayang'ana zala za mlongo wawo, zimene zinali kulowa pang'onopang'ono kunsi kwa chitenje.