Mvukuto wa Pabenchi

A Kapitawo analowa m'galaja muja loko watsopano ali m'manja. Sanaodire. Munthu saodira pakhomo pake.

Galajayo inali yawo. Anaibwereketsa kwa mkamwini wawo miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, mwana wawo wamkazi atawachonderera mpaka misozi. Iwo ankayesa munthuyo atsegulamo shopu yooneka. Koma taonani zimene anadzazamo: mivukuto yakutha, ija yoyendera magetsi yopemerera moto m'ng'anjo za m'mafakitale, yadzimbiri, yamwaye, itaunjikana mpaka pawindo. Akuti amaisandutsa mafani oti akalipentala ndi amakaniko azipitidwa mphepo m'mashedi mwawo. Mafani! Iwo analamula anthu owotcherera pafakitale yosungunula zitsulo kwa zaka makumi atatu, lero mwana wawo n'kukakwatiwa ndi munthu wotola kudzala.

Mkamwini anaika sipanala pansi, n'kupukuta manja pa ovolosi, n'kuwakokera mpando. Iwo anaupenya ngati pakhala galu.

"Sindinabwerere kukhala, akamwini. Wokonza matayala akufuna malo ano. Ndati ndione kaye ndi maso anga. Ngati n'zachibwana, Loweruka loko uyu akhala pachitseko."

Mwana wawo, amene ankapaka penti sefa ya waya pakona, anasiya burashi m'chitini. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo banjalo linalibe kwina kogwirira ntchito.

Kukhoma kunali mafani atatu otha kale, obiriwira, oima pamiyendo yachitsulo, kukamwa kwake kotchingidwa ndi waya. Mkamwini anayatsa imodzi. Inayamba mosakhosomola, ikungong'ung'udza chapansipansi, ndipo mphepo yake inasesa fumbi mpaka pakhomo. Malaya a a Kapitawo anafufuma kumsana. Thukuta la pamphumi linauma. Iwo anangopinda mlomo.

"Zimitsani. Penti amabisa zambiri. Ngakhale bokosi la maliro limawala."

Maso awo anagwera pabenchi. Pamenepo panagona mvukuto waukulu wosapaka, nyundo ndi chopalira zili pambali pake. Anamwetulira koyamba tsikulo. Mmisiri umamudziwira pa chimene sanamalize, asanachiveke suti.

Anavala magalasi n'kuwerama. Zimene anaona zinawakomera ngati madzi ozizira. M'mbali mwa chigoba chake munali mng'alu wautali ngati dzanja, wotsekedwa ndi zowotcherera za mabumamabuma, pena potupa, pena pobooka. Phiko limodzi la mkati linali ndi chigamba cha lata chokhota. Analikankha ndi chala. Gudumu lonse linazungulira motsimphina, likukhula chigoba, kwee, kwee.

"Bambo, umenewo..." anayamba mkamwini.

"Ndikulankhula ine."

Mkamwini anaweramitsa mutu, manja kumbuyo.

"Iwe, tabwera," anaitana mwana wawo. "Bwera udzaone luso la amuna ako. Uku n'kuwotcherera kapena nkhuku inadutsapo itatsegula m'mimba? Ona zitosi izi. Moto wachepa apa, apa wachuluka mpaka kudya chitsulo. Dzanja limanjenjemera ngati la munthu wa matsire. Ndipo sanagogode n'komwe makoko a zowotchererazi, manyazi alibe."

"Adadi, mukanangomva kaye..."

"Ndimve chiyani? Chitsulo sichinama." Anagogoda chigamba chija ndi loko. "Phiko ili likulemera kuposa anzake. Mwana wa sitandade wani akhoza kuona. Chinthu ichi chikathamanga chithyoka, chidula munthu khosi, apolisi n'kudzagogoda pageti panga. Kufakitale kwathu, munthu wobweretsa nyansi zotere ndinkamulanda chipewa pomwepo, n'kumuuza akagulitse tomato. Amene anagwira apa si mmisiri. Ndi mbava yoba dzina la amisiri. Manja ake ngoyenera khasu, mwinanso khasulo lingadandaule."

Anawongoka, mtima uli mbee. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankasowa pogwira, lero umboni unali pabenchi, wolemera makilo makumi anayi. Anatsegula loko uja n'kumuyesa, kha! Ankagwira bwino.

"Loweruka," anatero. "Zinyalala zanuzi muzitengere kwanu."

Panja panalira mabuleki. Munalowa bambo wina wa imvi, wogulitsa zitsulo zakutha, akufunsa za chingwe chimene anaiwala. Ataona a Kapitawo anaima, n'kuvula kapusi. Kale ankagwira ntchito pansi pawo kufakitale kuja isanatsekedwe.

"Abwana! Muli moyo?" Anawagwira dzanja ndi manja awiri, kenako anaona mvukuto uja pabenchi, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mwauzindikira, eti? Ndangoutsitsa m'mawa uno, akamwini anu sanaukhudze n'komwe. Ndi uja wa ng'anjo yachiwiri, munauwotcherera nokha inu, mutatithamangitsa tonse kuti ndife mbuli."