Oyilo wa Injini Yokalamba

Telala anatsegula buti ya galimoto kuti atulutse nsalu zomwe anagula m'tauni. Kuseri kwa tayala la sipeya kunali chigubu chachilendo, chokulungidwa m'chiguduli.

Anachitsegula n'kuviikamo chala. Oyiloyo anali wolimba ngati uchi, wodontha mwaulesi. Mayiyu anakulira m'galaja ya malemu bambo ake, pakati pa masipanala, choncho sanafune wina womuuza. Uyu anali oyilo wa injini yokalamba, yoperepeseka m'kati, yofuna chinthu cholimba choti chitseke mipata. Galimoto yawo inali yatsopano ndithu, ndipo inkamwa oyilo wamadzimadzi.

Nanga mwamuna wake, mphunzitsi wa masamu yemwe ngakhale boneti ankavutika kutsegula, ankamwetsa injini ya yani?

Yankho linadutsa pamsewu likutsokomola. M'dera lonselo galimoto yakale inalipo imodzi yokha, ya nesi wa m'nyumba yapakona. Nesiyo anali mbeta, woseka ndi mano onse. Mwezi wathawo galimoto yakeyo itazima pamvula, aphunzitsi ndiwo anathamanga kukaikankha. Anabwerako atanyowa mpaka masokosi, koma akumwetulira ngati apambana mpikisano.

Ndiye panalinso nkhani ya Loweruka. Masiku amenewa bambowo ankachoka m'mawa, akuti kukaphunzitsa ana a mayeso, n'kubwera madzulo zikhadabo zili bii.

"Kodi choko cha masiku ano n'chakuda?" telala anawafunsa tsiku lina.

"Ndimasintha tayala, amayi," anayankha aphunzitsi, maso ali pa nsapato zawo.

Telala sanalongolole. Mkazi wolongolola amangochenjeza mbala. Iye ankadziwa kuti kusakaniza oyilo wa mitundu iwiri sikupha injini tsiku limodzi, ndipo injini yatsopano imakhululuka. Koma yokalamba ili ngati wodwala mtima, mankhwala akangolakwika imayamba kufa pang'onopang'ono, popanda woloza chala munthu.

Lachisanu masana, bambowo akupuma m'nyumba, telala anakhuthula chigubu chija mpaka oyilo anatsala pansi pokha. Anachidzaza ndi oyilo wamadzimadzi wa galimoto yawo, n'kuthiramo makapu awiri a palafini. Anakhutchumula bwinobwino, anachikulunganso m'chiguduli, n'kuchibwezera malo ake. Manja anasamba kawiri.

Kuyambira pamenepo makina ake osokera anasamukira pakhonde, pomwe msewu unkaoneka wonse. Loweruka lililonse chigubu chinkabwera chopepuka. Zinali zoonekeratu kuti injiniyo inkamwa oyilo ngati chidakwa, ndipo aphunzitsi ankangowonjezera. Chigubu chatsopano chikabwera, nachonso chinkalandira mankhwala ake.

Koma galimoto ya nesi sinkafa. Inkadutsa m'mawa, inkadutsa madzulo, mwiniwake atatulutsa mkono pawindo.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera, achemwali," telala ankayankha ndi mano okha. Tsiku lina singano inathyoka. Tsiku lina anasoka mkono wa diresi la mkwatibwi chadodolido, n'kuswera akusosola.

Chomupweteka kwambiri chinali chakuti galimotoyo inkamveka ngati ikuchira. Ndiye kuti bambowo ankaisamala ndi mtima wonse. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, munthu uyu anali asanathirepo ngakhale kadontho ka oyilo pa makina osokera a mkazi wake. Lero nesi wamusandutsa makaniko! Ulendo wachitatu, makapu a palafini anakwana asanu.

Loweruka lotsatira galimoto ya nesi sinadutse. Telala anadikira mpaka dzuwa linapendeka, ngati mwana woyembekezera zotsatira za mayeso. Kenako lole inaima pageti. Pamwamba pake panali galimoto yofundidwa lona, oyilo wakuda akudontha pansi. Fungo la chitsulo chopsa linafika mpaka pakhonde.

Aphunzitsi anatsika kutsogolo kwa loleyo mapewa atagwa, maso ali psuu. Zoti mwamuna wamkulu angalirire galimoto ya mkazi wina, pageti la mkazi wake, zinamutentha telala kuposa zonse. Anaimirira, manja m'chiuno.

"Mwafika poti maliro a zibwenzi zanu azichitikira pakhomo panga?"

Bambowo anamuyang'ana ngati sanamve chinenerocho.

"Injini yagwira, amayi. Inayamba ndi utsi, kenako kugogoda, lero yangoti zii pamtunda. Makaniko akuti yapsa yonse, ndipo zitsulo za mtundu umenewu sizipezekanso. Akuti oyilo anali ngati madzi. Koma ine ndimagula ndendende amene makanikowo anandilembera. Sindikumvetsa."

"Kauzeni mwiniwake. Nyumba yake mukuidziwa."

Nthawi yomweyo kunamveka kutsokomola pamsewu. Nesi anadutsa pa galimoto yake, anaimba hutala, n'kukweza mkono monga mwa masiku onse.

Telala anatembenukira ku lole. Aphunzitsi anali akumasula chingwe cha lona.

"Mwiniwake ndinu," anatero. "Ndi ija ya malemu bambo anu, yomwe achibale anagulitsa maliro atangotha. Ndaisaka zaka ziwiri. Ndimafuna ilowe pageti pano ikudziyendera yokha."