Mgonero m'Chipinda cha Wodwala

Abusa atsopano anapeza mayi wa m'nyumbamo akutembenuza wodwala. Mkono anali ataulowetsa pansi pa msana wa bamboyo, bondo atatsamiritsa pa bedi, thukuta likuyenderera m'khosi.

"Tiyeni, bwana mkubwa, thandizaniko pang'ono. Pakudya ndinu oyamba, pakutembenuka muli ngati thumba la simenti."

Wodwalayo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Mbali inayo inafa kalekale ndi sitiroko, pamodzi ndi mkono, mwendo ndi lilime.

Abusa anadziponya pa mpando. Kuyambira m'mawa anali m'makomo mwa odwala, miyendo inali itatheratu. M'zipinda zonse zimene analowa munali fungo limodzi, fungo la munthu wotayidwa: mkodzo, zofunda zosachapa, mbale ya dzulo ili pansi ntchentche zikudyerera. Abale ake onse opemphera, onse otanganidwa. Muno mokha mumamveka sopo. Matewera ochapa anali pa chingwe kuseri kwa zenera. Ndevu za wodwalayo zinali zometa, zikhadabo zowenga, msana wopanda chilonda ndi chimodzi chomwe.

Amene ankaperekeza abusa anali mayi wina, mkulu wa mpingo, yemwe aliyense ankangomutchula Mayi Mkulu. Iwo anaima pafupi ndi khomo atafungatira kabokosi ka ziwiya za mgonero. Mpando anaukana.

"Ndikakhala sindidzukanso. Mawondowa."

"Amakuthandizani ndani, amayi?" anafunsa abusa.

"Mulungu ndi beseni ili," anatero mayi wa m'nyumbamo, akupaka mafuta m'zidendene za wodwalayo. "Ndinali mphunzitsi inetu. Tsiku lina pochokera kusukulu ndinawapeza atagwa apa, atadziipitsira, akuitana popanda mawu. Choko ndinachisiya tsiku lomwelo."

"Nanga abale anu?"

"Kwathu anandilira kale. Amayi anga anati mwana wawo anafa, wotsalayu ndi chitsiru."

Ananena zimenezi ngati akunena za nyengo. Abusa anayang'ana manja ake, ong'ambika ndi sopo, ndi nkhope yake imene inakalamba mwini wake asanakalambe. Sanadziwe ngati amutamande kapena amulire. Kodi Mulungu amafunadi kuti munthu adzithe chonchi chifukwa cha mwamuna, ntchito ipite, abale apite, thupi lipite? Koma anakumbukira maukwati amene anamangapo, anthu olumbira kuti pa mtendere ndi pa mavuto maso ali kwa wojambula zithunzi. Mavuto akangogogoda, wina amatulukira pa zenera. Uyu yekha, mwa onse, analumbira akudziwa chimene akunena. Lamulungu likudzali adzalalikira za iye, ndipo ena adzaweramitsa mitu.

"Mgonero munalandira liti komaliza?" anafunsa abusa.

Manja a mayiyo anaima.

"Ndi kale, abusa. Kale kwambiri. Ndimangoonerera bwanawa akulandira." Anayambanso kupaka mafuta. "Zina zonse ndinazolowera. Chimenechi chokha chimandidya."

Mtima wa abusa unatentha. Ndiye kuti abusa amene anachokawo ankabwera muno, kudyetsa wogona, kudumpha womusambitsa! Munthu sangathe kusiya wodwala n'kupita kutchalitchi, ndiye mpingo n'kumuiwala ali pamaso pawo. Zimenezi ndi zimene ankadana nazo: mpingo wodziwa kuwerenga amene sanabwere, wosadziwa kufunsa chimene chawatsekereza.

"Lero mulandira."

"Ine?" Mayiyo anaponya maso kukhomo, kenako kwa abusa. "Mukunena zoona?"

"Ndati lero mulandira. Konzekani."

Mayiyo anatuluka mothamanga. Kunamveka madzi akukhuthuka panja. Anabwera atasamba m'manja ndi kumaso, atavala bulauzi yoyera yokhala ndi mizere ya kupinda, yoti inakhalitsa pansi pa sutikesi. Anagwada m'mbali mwa bedi.

Mayi Mkulu anayala kansalu pa tebulo, anaika mbale ndi chikho, chilichonse pamalo pake. Abusa anawerenga, anapemphera, ananyema mkate.

"Nyowetsani kaye m'chikhomo, amatsamwa," ananong'ona mayi wa m'nyumbamo, akukweza mutu wa wodwalayo ndi dzanja limodzi. Bamboyo anameza movutikira. Kadontho kanatsikira pachibwano, iye anakapukuta ndi chala. Kenako anabwerera pamalo pake, anatseka maso, natambasula manja onse awiri.

Abusa anatenga mkate. Usanafike m'manja muja, zala zozizira zinawagwira padzanja.

"Uyu ayi, abusa," anatero Mayi Mkulu mofatsa. "Ndinu atsopano, sindinafune kukudulani mawu. Uyu anadulidwa. Bambowa tinawabwezera mumpingo, poti mmene alilimu sangachimwenso. Koma uyu akadali m'nyumba ya mwamuna wa mwini. Tsiku limene adzatuluke muno, adzalandira."

Mayiyo sanatsegule maso. Anangotsitsa manja pang'onopang'ono, nawaika pa maondo.

"Akatuluka, aziwasambitsa ndani?" Mawu a abusa anakwera. "Mwini wakeyo ali kuti zaka zonsezi?"

Mayi Mkulu anapukuta chikho, anachibwezera m'kabokosi, natseka.

"Mkazi wawo ndine ndili panoyu, abusa. Tiyeni, odwala ena akutidikira."