Mawere Otsiriza a Mowa wa Bona

Chikhazikitsireni lamulo loti mbewu yodzala izichokera kunkhokwe ya boma yokha, zokolola za m'mudzimo zinasiya kumera. Zinkadyeka bwinobwino, koma ukaziviika m'madzi zinkangowola. Ofulula mowa ankagula chimera cha m'mapaketi.

Mwambo wa bona wokumbukira malemu mwamuna wake utayandikira, Nankhoma anatsegula mapaketi awiri n'kulawa ndi chala. Cha chimanga chinkangotsekemera ngati thobwa la ana. Cha mapira chinkanunkha thumba.

"Bambo ako ankati mowa wa chimanga ndi wa alendo," anauza mwana wake wamkazi, Tikhale. "Wawo unali wa mawere, wofiirira, womata milomo."

Atatero anatsitsa chikho chimene malemuyo anabisa kudenga. Munali mawere akale, amoyo, otsala okhawo m'dera lonselo.

"Amayi, amenewo tidzale," anatero Tikhale. "Akufa sasiyanitsa chimera."

"Iwe sunawafululirepo bambo akowo."

Nankhoma anaviika mawerewo n'kuwafunditsa masamba a nthochi. Tsiku lovundukula, njere iliyonse inali itatulutsa kamuzu koyera. Tikhale, amene chibadwire anali asanaonepo zokolola zikumera, anagwada n'kumangoyang'ana.

"Ngakhale lero atha kudzalika," ananong'ona.

Nankhoma anaima nthawi yaitali lichero lili m'manja. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana, ndipo munda unali pomwepo kuseri kwa nyumba. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kukayanika mawerewo padzuwa.

Pofika madzulo timizu tonse tinali titauma.