Chikwama Chakuseri kwa Chitseko

Mitsuyo anafuna kuzimitsa kanema, koma amayi ake anamugwira dzanja.

"Siyani, alendo. Ndikuonera."

Chiyambireni matenda oiwala, amayiwo ankamutchula choncho mwana wawo yekhayo.

Mufilimumo, mayi wina ankalira posiya kholo lake kunyumba yosamalira okalamba. M'nyumba mwawomo, kuseri kwa chitseko chapepala kunali chikwama cha amayi ake chimene Mitsuyo analongedza mobisa. Mawa lake nayenso anayenera kuchita za mufilimuzo.

Amayiwo ankasenda nachesi pang'onopang'ono, miyendo atayifunditsa bulangete la pansi pa tebulo.

"Akuliriranji ameneyu?" anatero. "Taonani msana kupindika, ngati nkhalambayo ndi iyeyo. Wachedwa nazo. Akanakhala wanga ndikanamukalipira kalekale."

"Simukanamukwiyira?" Mitsuyo anafunsa.

"Ndimukwiyire chiyani? Ndinamuberekera kuchapa matewera?" Anamupatsa theka la nachesi lija. "Inuyo amayi muli nawo?"

"Ndili nawo."

"Muzikawaona basi. Koma osapita chimanjamanja."

Mitsuyo anatafuna, mtima n'kukhala pansi. Kenako anadzuka, n'kukankha chitseko chija amayi ake akuona. Anatsegula chikwamacho, ndipo pamwamba pa zovala anaikapo manachesi onse otsala.