Bulangete la Lonjezo

Lamulo la mu 2071 ndi lalifupi. Mwana wodwala kwambiri amalandirira mankhwala pakhomo, koma impso zake zikasiya kutulutsa mkodzo, galimoto yopanda dalaivala imadzamutenga yekha. Makolo amatsala.

Nchifukwa chake kwa a Gwaza, bulangete limene mwana wawo Lonjezo amagonera limayezedwa m'mawa uliwonse pa sikelo ya boma ili pakhonde. Sikeloyo imatumiza yokha manambala kuchipatala. Madzi a pamjigo imawazindikira, aneba anayesapo. Chiyambire Lolemba, malungo atamugwetsa mwanayo, bulangetelo silinalemereko.

Odzazonda anasiya kufunsa kuti wadzuka bwanji. Amangoti, "Wakodza?"

Lachinayi galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango, chitseko chili chotsegula. Nagama, mayi ake a Lonjezo, anamaliza kumupindira malaya. Pomudzutsa, anapisa dzanja pansi pake, naitana mwamuna wake.

"Bambo a Lonjezo, tabwerani mugwire apa."

A Gwaza ndi omwe chaka chatha ankayanika mphasa ya mwanayu kumsewu kuti anzake amuseke, aleke kukodza pogona. Anagwira, nanunkhiza zala.

"Tsekani zenera, mayi, bulangeteli lingaume!"

Ananyamula bulangetelo ngati khanda mpaka pakhonde. Sikelo inaonetsa magalamu 140 oonjezera. Galimoto inatseka chitseko, nkubwerera.

M'nyumba Lonjezo anali atatsegula maso.

"Ababa, pepani. Musawauze anzanga."

A Gwaza anamuyalira bulangete lina louma.

"Iwe, madzulo ubwerezenso."